Kuperekeza Tambala ku Ulongwe

Anthu akandifunsa kuti ku Mozambiki kuli bwanji, ndimasowa chowayankha. Ndinapitako ndithu, koma njira yonse maso anga anali pa nkhuku.

Mwini nkhani ndi Lameki, mwana wa alongo anga a Nambewe. Mnyamatayu anachoka kwathu ku Mitundu kukagwira ntchito yomanga nyumba ku Ulongwe, ndipo kumeneko anapeza mbeta, dzina lake Rozita. Vuto linali kwa akuchikazi. Mkulu wake wa Rozita anakwatiwapo ndi mnyamata wina wa kuno ku Malawi, amene pa tsiku la chinkhoswe anabwera ndi azibambo awiri ovala majekete, n'kunena kuti ndi atsibweni ake. Chaka chisanathe mnyamatayo anasowa, kusiya mkazi ndi khanda. Pofufuza anapeza kuti atsibweni aja anali ogulitsa matumba pamsika wa pa Ulongwe pomwepo. Mnyamatayo anangowalemba ganyu, ndipo tambala wa pachinkhoswe anamugula m'mawa womwewo.

Choncho a Zuze, amalume ake a Rozita, sanafune kupsa kawiri. Anamuuza Lameki kuti abwere ndi abale ake enieni ochokera kumudzi. Tsiku loyamba limene anatipatsa tinalephera chifukwa mayi ake a Lameki anali m'chipatala. Anatipatsa lachiwiri, Loweruka m'mawa, ndi mawu akuti tikalepheranso mnyamatayo asadzapondenso pakhomo pawo.

Alongo angawo sakanatha kuyenda. Sitiroko inawapha mkono wamanja ndi mwendo, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi, movutikira. Bambo ake a Lameki anatisiya kale. Mtolo wonse unagwera ine, tsibweni wake, munthu woti ulendo wanga waukulu ndi wokagulitsa fodya basi.

Lachinayi masana ndinapita kukatsanzika. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde. Anandilozera tambala wawo wofiira, wamtali miyendo, amene ankapalasa kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene... uyo."

"Alongo, nkhuku ku Mozambiki ziliko," ndinatero. "Ndikagula komweko. Ndivutikirenji?"

Anapukusa mutu. "Wapakhomo."

Ndinayesa kuwauza za kutalika kwa njira, za kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Iwo osamva. Ana atamugwira tambalayo, alongo anga anatenga chitenje chawo chakale chobiriwira cha madontho oyera, naluma m'mphepete, n'kung'amba kansalu ndi dzanja lamanzere. Anamanga kansaluko ku mwendo wa tambala, mbali ina atagwira ndi mano. Zinawatengera nthawi, thukuta lili kamukamu, koma atandiona ndikutambasula dzanja kuti ndithandize anandiyang'ana diso loti ndisayerekeze. Ndinangoti chabwino, ndamva.

Lachisanu ndinalawirira pa depoti ya pa Mitundu, jekete langa la kutchalitchi lili m'chikwama, tambala ali m'katoni yobowolabowola. Minibasi ndinaipeza ili ndi anthu, ikuoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Nditangolipira, theka la anthuwo linatsika. Anali oitanira, ongokhalamo kuti akope ife opusa. Tinakhala pamenepo injini ikulira, dalaivala akuyendetsa pang'ono n'kubwereranso m'mbuyo, mpaka dzuwa linakwera. Kondakitala anafunanso kuti katoni ilipire.

"Mkatimo muli munthu, madala. Akupuma."

"Akupuma pamiyendo panga, osati pampando pako," ndinamuyankha. Tinakangana mpaka pa mphambano ya ku Bunda, pamene ndinatsika n'kukwera ina yolowera ku Nathenje.

Pa Nathenje ndinayenera kukumana ndi mng'ono wanga Filipo, chifukwa nkhoswe sayenda yekha. Tinapangana kuti andidikire pasiteji. Kufika, Filipo kulibe. Kuimba foni, yozima. Ndinakhala pakhonde la kagolosale kena n'kumayang'ana aliyense wotsika panjinga. Minibasi za ku Dedza zinkadutsa, ine n'kumazikana ndi dzanja ngati munthu wolemera nthawi.

Mwini golosaleyo anali mayi wina wachisilamu, wonenepa bwino, wofunda nsalu yaikulu kumutu mpaka m'mapewa. Anthu ankawatchula Abiti Juma. Anamva kukokoma m'katoni, natuluka ndi madzi pa chivundikiro cha botolo lalikulu.

"Bambo, inu mwamwa tiyi kwanu. Nanga mnzanuyu?"

Ndinawafotokozera za ulendo wanga, mwina chifukwa chotopa ndi kukhala chete. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati nawonso akupita kumalire kukapikula mbatatesi ndi zitenje, akungodikira mwana wawo wamkazi abwere adzakhale m'golosale.

Dzuwa lili pamutu m'pamene Filipo anaimba, pa foni yobwereka. Apongozi ake aamuna anali atamwalira m'bandakucha ku Nkhoma, ndipo iye anali kale kumeneko. Ndikanati chiyani? Maliro sapangana ndi munthu. Ndinamupepesa, koma mumtima ndinali nditapsa, osati ndi iye, koma ndi tsiku lonselo. Akuchikazi ankayembekezera abale, ndipo abale ake tsopano tinali ine ndi nkhuku.

Minibasi imene tinakwera ndi Abiti Juma inachokera ku Lilongwe itadzaza kale. Anatipanikiza kumbuyo. Katoni anandilanda, akuti palibe malo, n'kuilowetsa kunsi kwa mpando wotsiriza, pafupi ndi chigubu cha dizilo ndi mabelo a kaunjika. Ndinadandaula, kondakitala n'kuti, "Ili bwinobwino, madala, ili pa mthunzi." Ndalama anatolera tisanafike n'komwe pa Kamphata.

Titangowoloka Diamphwe, phuu! Galimoto inayamba kuvina, amayi kukuwa, wina kuitana Yesu, Abiti Juma kuitana Mulungu m'chinenero chawo. Dalaivala anaigwira ndithu mpaka inaima m'mbali mwa msewu. Tayala la kumbuyo linali litaphulika. Atatulutsa lapadera, nalonso linali lopanda mpweya, losalala ngati chipande. Kondakitala anaimitsa njinga yamoto, nakweza tayalalo pamiyendo, nati akukamatitsa pa Chimbiya, abwera pompano.

Pompano wa kondakitala! Tinakhala pamenepo mpaka mithunzi inatembenuka. Minibasi zina zinkaima kutifunsa ngati tikupita, ndipo amene anali ndi ndalama zapadera anakwera. Enafe tinapita kwa dalaivala kuti atibwezere zathu. Iye anali atagona kunsi kwa galimoto, chipewa chili kumaso.

"Ndalama zili ndi kondakitala," anatero osadzuka n'komwe.

Apo m'pamene ndinakumbukira katoni. Mayo ine! Pamene galimoto inkavina paja, belo linagwera pamwamba pake, ndipo chigubu chinatayikira. Ndinamutulutsa tambala ali lobodo, kukamwa kuli yasa, maso otseka. Nthenga za kumchira, zija zinkamupatsa ulemu pakhomo, zinatsalira m'katoni. Phiko limodzi linali lonyowa ndi dizilo. Ndinakhala pansi m'fumbi, n'kumuika pamiyendo, osadziwa chochita. Ndinaona nkhope ya alongo anga akuluma kansalu kaja, ndipo ndinamva chisoni chosaneneka.

Mnyamata wina wa zomvera nyimbo m'makutu anabwera kudzasuzumira.

"Madala, ameneyu wapita. Bwanji tingosonkha moto? Tonse pano tili ndi njala."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamuuza kuti akafuna nyama akawotche tayala lija. Abiti Juma anamukankhira pambali, namutenga tambalayo, namwa madzi a m'botolo lawo n'kumupemerera kumutu ndi kunsi kwa mapiko. Anatero kangapo, kenako anamutsegula kukamwa n'kumudonthezera madzi ndi chala. Anapukuta dizilo uja ndi dothi louma. Patapita nthawi tambala anatsegula diso limodzi, natiyang'ana ngati tamulakwira tonse, zomwe zinali zoona.

Lameki ankangoimba. "Atsibweni, muli pati?" Pa Diamphwe. Patapita kanthawi, "Atsibweni, mwafika pati?" Pa Diamphwe pomwepo, mwanawe, ukufuna ndisamutse mtsinje? Kenako ndinamva mawu ake akunjenjemera, ndipo ndinaleka kumukalipira. Ndinamuuza kuti ngakhale chokwawa ndifika.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, akutafuna chimanga chowotcha, wopanda ngakhale pepani. Chimbiya, Linthipe, zonsezo ndinazidutsa nditafungatira tambala pachifuwa, fungo la dizilo likundipweteketsa mutu. Tinafika pa Dedza kutada, pachipata atatseka. Abiti Juma ananditengera kwa achibale awo, amene anandiyalira mphasa m'chipinda chosungiramo mbatatesi. Masana ndinapsa, usiku ndinazizidwa, jekete la chinkhoswe n'kukhala bulangete. M'mamawa ndinadzidzimuka ndi kaphokoso ngati chitseko cha dzimbiri. Anali tambala, akuyesa kulira. Sindinasangalalepo ndi kulira koipa ngati tsiku limenelo.

Loweruka, tsiku lenilenilo, tinali pamzere wa pachipata anthu asanachuluke, koma mzere wa pamalire suyenda ndi changu cha munthu. Malole anali ndondondo, osintha ndalama akutizungulira ngati ntchentche. Chiphaso changa anadinda bwinobwino. Ndikuti ndizituluka, wa yunifomu wina anandiimitsa.

"Bambo, nkhukuyi ili ndi chikalata cha alangizi a ziweto?"

"Chikalata? Nkhuku?"

"Ino ndi nyengo ya chitopa. Yamoyo siwoloka popanda chikalata."

Ndinamuuza kuti tambalayu anamudonthezera katemera m'diso mwezi wathawu, ndinaona ndi maso angawa. Ndinamuuza za chinkhoswe, za alongo anga, za a Zuze. Anamvetsera mwaulemu ndithu, mpaka anamwetulira.

"Pepani bambo, ndakumvani. Koma lamulo silidziwa chinkhoswe. Alangizi mudzawapeza Lolemba. Kapena musiyeni, mukagule wina kutsidyako."

Ndinatuluka panja. Lolemba! Ndinaima pafupi ndi ogulitsa mandasi, ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Abiti Juma anandipeza pamenepo, ndipo ndinawafotokozera.

"Bweretsani kuno," anatero.

Tinapita kuseri kwa kanyumba kena. Anamasula chitenje chimodzi, namukulunga tambala mapiko, namuponya kumsana ngati khanda, namanga pachifuwa. Nsalu yawo yaikulu ija anaigwetsera pamwamba. Ukawaona unkangoti ndi mayi wobereka mwana wogona. Anandiuza kuti kuseri kwa msika kuli kanjira kamene amayi a m'midzi ya pamenepo amadutsa popita kuchigayo, poti mudzi ndi umodzi, malire anangoudula pakati.

"Inu dutsani pachipata ndi chiphaso chanu. Mukandidikire pamene pamaima galimoto za ku Ulongwe."

Ndinawoloka wopanda kanthu m'manja, ndipo manjawo ankandilemera. Tsidya linalo, pa Kalomwe, ndinapeza minibasi za kumeneko, zimene amati chapa. Imodzi inali itatsala anthu awiri. Kondakitala anandikoka mkono, ine n'kukana. Inadzaza, inapita. Ndinakhala pa mwala n'kumayang'ana kumene ndinkaganiza kuti kanjira kaja kamatulukira. Amayi obereka ana ankatuluka ambirimbiri, koma onse anali ndi ana enieni.

Dzuwa linakwera. Nthawi imene a Zuze anatipatsa inakwana ndili pamwala. Foni inali itasiya kugwira, ndipo mwina zinali bwino, chifukwa sindikanadziwa chomuuza Lameki. Apa mtima unayamba kundinong'oneza zoipa. Mayi ameneyu ndamudziwa dzulo lomweli. Kwawo ndi pagolosale, inde, koma ndikapita kukamufunsa adzati nkhuku yanji? Pafupi nane panali bambo wina ndi njinga yodzaza atambala onona, a nthenga zonyezimira. Anaona mmene ndinkawayang'anira, nayamba kunditsitsira mtengo ndisanafunse. Ndinagwira m'thumba kawiri. Chimene chinandiletsa sindikuchidziwa bwino, kaya ndi alongo anga, kaya ndi kuuma mutu kwa kwathu.

Chapa yachiwiri itatsala pang'ono kudzaza, ndinawaona akubwera, akupuma mwawefuwefu, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Bambo inu, mwana wanuyu wandionetsa zakuda!"

Akuti panjira anakumana ndi mayi wina wodziwana naye, amene anakakamira kuti aone khandalo. Mwabereka liti osatiuza, ndi wamwamuna kapena wamkazi, tamuvundukulani. Anachita kunama kuti mwana akudwala maso, sakufuna kuwala, ndipo mayiyo anawaperekeza mtunda wonse akuwalangiza mankhwala. Atalekana naye anasochera kanjira, n'kukatulukira kuchigayo. Pomasula chitenje, msana wonse wa diresi lawo unali utaipitsidwa. Ndinachita manyazi ndi zimene ndinkaganiza pamwala paja. Ndinatulutsa kangachepe kuti agule sopo, iwo anakankha dzanja langa.

"Sungani. Mudzandiuze mmene zikathere. Thamangani, galimoto ikupita."

Za msewu wa ku Ulongwe ndilibe nazo mawu. Ndikukumbuka minda ya mbatatesi, nyimbo zaphokoso, ndi kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Tinafika dzuwa litapendeka kale. Lameki ndinamupeza pa depoti, ali mu suti yobwereka yomukulira mapewa, milomo itauma. Anandithamangira, koma atangoona chimene ndinanyamula anaima.

"Atsibweni, a Filipo ali kuti?"

"Ku maliro."

"Nanga... ameneyu ndiye tambala wake?"

Ndinamuyang'ananso tambalayo ndi maso a mlendo. Mchira palibe, phiko lakuda ndi dizilo ndi dothi, khosi lopindika, diso limodzi lotseka. Kunena zoona, ngakhale kumaliro sukanapita naye.

"Atsibweni, chonde, tichita manyazi. Msika uli apa. Ndigula wina msangamsanga, uyu timusiye kwa mnzanga."

Pamenepo ndinaphulika ngati tayala la pa Diamphwe. Ndinamuuza kuti ndagona pa mbatatesi chifukwa cha nkhuku imeneyi. Ndinamuuza kuti mayi wina wosamudziwa n'komwe waipitsidwa diresi chifukwa cha ukwati wake. Ndinamuuza kuti mayi ake anamanga kansalu aka ndi mano, ndipo ngati akuchita nako manyazi anene, ndikwere chapa yomweyi ndibwerere. Anthu pa depoti anatiunjirira. Lameki anangowerama, natenga chikwama changa, natsogola.

Pakhomo pa akuchikazi tinapeza anthu atayamba kubalalika. Mipando ina anali ataibweza kale kwa eni ake. Amayi anali kuseri, ndipo mtsikana wina amene ndinamuganizira kuti ndi Rozita anasuzumira pazenera, maso ali ofiira. A Zuze anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, mkulu wowonda, wa imvi, wosathamangira kulankhula. Tinapatsana moni. Ndinapepesa chifukwa cha kuchedwa, n'kuyamba kufotokoza za tayala, koma anakweza dzanja.

"Mwabwera nokha?"

"Ndekha. Mng'ono wanga wagwa m'maliro."

"Aja anabwera awiri," anatero. "Pa nthawi yake. Majekete awo anali ositidwa bwino."

Langa linali lamakwinya, lonunkha mbatatesi. Anandifunsa mudzi wathu, mfumu yathu, dzina la bambo ake a Lameki ndi kumene anaikidwa. Ndinayankha zonse. Anangogwedeza mutu pang'ono.

"Aja nawonso anayankha bwino. Zimenezi munthu amaloweza."

Ndinayang'ana Lameki, ndipo ndinaona kuti mwanayo watha, akungoyembekezera kuti amuuze kuti nyamuka.

"Tioneni tambala wanuyo," anatero a Zuze.

Ndinamupereka ndi manja awiri, maso ali pansi. Wina kumbuyo anaseka. A Zuze sanaseke. Anamutembenuza uku ndi uku, nayang'ana pamene panali mchira, namununkhiza phiko, nakwinya mphuno. Kenako chala chawo chinaima pa kansalu ka kumwendo.

"Mfundo iyi wamanga ndani? Yapita mbali imodzi."

"Mayi ake a mnyamatayu. Dzanja lamanja linafa. Anamanga ndi lamanzere, kwinaku atagwira ndi mano."

Anasisita kansaluko. Kenako anatembenukira kwa abale awo.

"Tambala wa pamsika tinamuona ife. Amabwera wonona, wosamba, mchira uli petupetu. Munthu wa ganyu sangalole kunyamula chinthu chonyansa chonchi." Anamukweza m'mwamba kuti onse amuone. "Uyu wayenda. Uyu ali ndi kwawo."

Atatero anakuwira kuseri kuti, "Amayi inu, nthungululu zija mwazisunga kuti?"

Mipando inabwerera. Za mwambo wonse sindinena, unayenda monga umayendera. Ine ndinangokhala pampando, misozi ikufuna kundichititsa manyazi pamaso pa eni mudzi. Koma pofika popatsana nkhuku, a Zuze anamasula kansalu kaja pa mwendo wa tambala, nakamanga pa mwendo wa msoti wakuda umene akuchikazi anakonza.

"Uwu si wodyera panjira," anatero akundipatsa. "Mukawapatse mayi ake a mnyamata m'manja."

Ndinauyang'ana msotiwo, nawo unandiyang'ana. Ndinaganiza za chapa, za chipata, za Diamphwe. Kalanga ine, walira mvula walira matope.

Lamulungu pa Kalomwe ndinawapeza Abiti Juma atakhala pa matumba awo a mbatatesi, akudikira lole. Ataona chimene chinali m'khwapa mwanga sanafunse kanthu. Anangopumira m'mwamba, naimirira, nayamba kumasula chitenje.

Ndinafika ku Mitundu Lolemba masana, thupi lonse likuwawa ngati andimenya. Sindinapite kwanga. Alongo anga ndinawapeza pamkeka pomwe paja, ndipo ana anandiuza kuti chichokereni ine ankakana kulowa m'nyumba mpaka kuda. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwauze, odandaula okhaokha. Ndinagwada, n'kuwaikira msoti pamiyendo.

Anaugwira ndi dzanja lamanzere. Dzanjalo linatsika pamsana, pa phiko, mpaka linafika kumwendo, n'kupeza kansalu kobiriwira ka madontho oyera, kakuda ndi fumbi la mayiko awiri. Anakayang'anitsitsa. Milomo yawo inavutika kanthawi, ine n'kudikira.

"Amu...landira," anatero.

"Amulandira, alongo."

Madandaulo anga aja sindinawanene. Ndinangopempha ana kuti andipatse madzi akumwa, ndipo ena apatse nkhuku.